Nyali ya Voxy ikuzima yokha usiku, ndigule ballast ya 55W?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa achimwene ena a ku Kasungu, dzina sinditchula, ali ndi Toyota Voxy ya 2010 yomwe amayendera pakati pa Kasungu boma ndi Lilongwe ndipo nthawi zina amakhotera pa Chinkhoma kukatulukira ku Kamwendo. Akuti nyali ya kumanja ikayaka imatha mphindi 5 kapena 10 kenako imayamba kuphethira n'kuzima, akazimitsa switch n'kuyatsanso imabwerera, pang'ono pokha yazimanso. Atapita pa shopu ina ya masipeya wogulitsa anawauza kuti ndi ballast, nde anawatulutsira kit ya 55W ya 8000K ati imawala kuposa ya orijino. Pa babu lawo palembedwa D4S. Funso lawo ndi lakuti agule kapena ayi.

Achimwene, ndalamayo ibwezereni kaye m'thumba. Kit imeneyo musagule, komanso pakadali pano palibe amene akudziwa ngati ballast yanu yafadi, wogulitsayo sanatsegule ngakhale boneti, wangomva nkhani yanu basi n'kuloza chomwe chili pa shelefu yake.

Tiyambe ndi chomwe kabokosi kameneka ka ballast kamachita, chifukwa mukamvetsa apa zina zonse zikhala zophweka. Babu la HID ngati lanulo, ena amati xenon, mulibe kawaya kofiira ngati mababu a halogen omwe tinazolowera aja. Muli timitu tiwiri ta chitsulo toyang'anizana m'kagalasi kakang'ono momwe muli mpweya wa xenon ndi timichere tina, nde kuwala kumabwera moto ukamadumpha kuchoka pa kamutu kena kupita pa kanzake, monga zimakhalira pa mashini owotcherera zitsulo. Kuti moto udumphe koyamba pamafunika ma volt oposa 20,000, pomwe batire lanu limangopereka 12. Ntchito ya ballast pamodzi ndi igniter, kachipangizo koyatsira babu, ndi imeneyo, kukweza magetsi kuti babu liyake kenako kuwatsitsa n'kumawagwira pa mlingo umodzi kuti babu lizidya 35W osapitirira. N'chifukwa chake nyali zimenezi zikangoyaka zimayamba ndi kabuluu kofooka n'kumawala pang'onopang'ono kwa masekondi angapo. Zinayambira pa BMW 7 Series mu 1991, ife zatipeza kudzera m'magalimoto a ku Japan odzera pa Dar es Salaam aja.

Tsono zizindikiro mwanenazo, kuphethira, kuzima, kubwerera mukayatsanso, babu lokalamba limachitanso chimodzimodzi. Timitu tija timadyeka, mpata umakula, ballast imalephera kusunga moto nde imadzizimitsa yokha podziteteza, mukayatsanso imayesanso. Mababu amenewa amakhala maola pafupifupi 2,000 mpaka 3,000, ndiye ganizani galimoto ya 2010 yomwe inayenda zaka zake ku Japan isanabwere kudzayamba maulendo a usiku pa M1, mwina babu limenelo silinasinthidwepo chichokereni ku fakitale. Ngati kuwala kwake kwayamba kuoneka kwa pinki kapena kofiirira poyerekeza ndi mbali inayo, musavutikenso, ndi babu.

Ine ndinapusitsikapo pa galimoto yanga yomwe, ndinakwera basi mpaka ku Lilongwe kukasaka ballast, tsiku lonse latha, kubwera kumanga bwinobwino, usiku womwewo nyali yazima pa malo omwe aja kkkk. Linali babu.

Nde chitani izi musanaononge kobiri. Sinthanitsani mababu, la kumanja lipite kumanzere, la kumanzere libwere kumanja, muyende nayo usiku umodzi kapena muyisiye ikulira pakhomo kwa mphindi 20. Vuto likasamukira kumanzere ndiye kuti latsatira babu. Likakhalabe kumanja, apo tiyambe kukayikira ballast, koma musanaiweruze onani fyuzi, pa ma Toyota ambiri mbali iliyonse ili ndi fyuzi yakeyake m'bokosi la mu injini, onaninso pulagi yolowa mu ballast ngati siyinachite dzimbiri kapena kusungunuka, ndipo wa mawaya ayeze ngati 12V ikufika bwino komanso ngati waya wa efi, wa negative womangidwa ku bodi ya galimoto uja, wagwira. Magalimoto ena omwe amati ballast yafa amakhala kuti ndi efi yomasuka chifukwa cha mabampu ndi fumbi la misewu yathu ya kumudzi. Nyali zonse ziwiri zikamaphethira limodzi makamaka poliza injini, ma ballast awiri safa tsiku limodzi, yezetsani batire ndi alternator.

Apa ndichenjeze kaye chifukwa ma volt aja si masewera. Zimitsani nyali, chotsani kiyi, masulani waya wa negative pa batire, dikirani pang'ono nyali izizire kenako muzigwira. Osayatsa ballast popanda babu kuti muone ngati ikuthetheka, anyamata ena amachita zimenezo pa galaja ndipo ndi njira yachidule yoiphera, kapena kudzivulaza. Galasi la babu osaligwira ndi zala, mafuta a m'manja amalionongetsa likatentha. Koma musanamasule batire onani kaye wailesi yanu, mawailesi a ku Japan aja ena akangoduka moto amafuna SD card ya mapu kapena password, nde ngati card inasowa mutsala ndi sikirini yolemba Chijapani yokha ulendo wonse wa ku Lilongwe opanda nyimbo.

Tinene kuti mwayeza ndipo ndi ballast yomweyo. Apa ndi pamene zilembo D4S zija zikugwira ntchito. Mababu a HID ali m'mabanja, D1, D2, D3, D4. D1 ndi D2 muli mercury ndipo akayaka amayendera ma volt pafupifupi 85. D3 ndi D4 ndi atsopanoko, mulibe mercury, amayendera ma volt 42 okha. D1 ndi D3 igniter yake ili pa babu pomwepo, kabokosi ka makona anayi kumbuyo kuja, pomwe D2 ndi D4 igniter imakhala mbali ya ballast. S ndi R za kumapeto zikunena mtundu wa nyali, S ndi ya projector, ya kadiso kagalasi kozungulira kaja, R ndi ya reflector ndipo babu lake limakhala ndi mizere yakuda yopaka pa galasi. Ballast ilibe nazo ntchito za S kapena R koma za 2 ndi 4 ili nazo ntchito kwambiri. Ballast ya D2 pa babu la D4 sizimvana, mwina iyaka masiku angapo mofooka kapena mophethira kenako chimodzi chipsa. Ndipo ma kit otchipa ambiri omwe ali m'mashopu mwathu muno, ma slim aja, anapangidwira mababu a ma volt 85. D2S ndi D4S ukaziyika pa tebulo zimafanana zedi, kusiyana ndi timipata ta m'mphepete mwa pulasitiki tomwe anaika dala kuti munthu asalowetse babu lolakwika, nde mupeza mekaniki wina watenga fayilo kapena mpeni akusema kuti lilowe. Mukaona zimenezo pa galimoto yanu muletseni pompo.

Chomwe ndingachite ine ndi kumasula ballast yakufayo n'kuyenda nayo m'manja pokagula. Pamwamba pake pali sitika, pa ma Toyota nthawi zambiri imakhala ya Denso kapena Koito, nambala ya Toyota imayamba ndi 85967, ndipo pamalembedwa poyera kuti D4S D4R 35W. Mupeze yofanana nambala, kapena bola yofanana banja la babu, mapulagi ndi mabowo a masikuluwu. Za magalimoto ena musatengere kuti poti onse ndi a ku Japan, Nissan, Honda, Mazda ali ndi zawo za makampani ena monga Panasonic, Mitsubishi Electric ndi Stanley, a ku Ulaya amakonda Hella, Valeo ndi Bosch, mapulagi ake ndi osiyana. Kwa ine ballast ya orijino yochotsa pa galimoto ina yophwasulidwa imaposa yatsopano yopanda dzina ya m'katoni konyezimira. Ku Kasungu ikasowa, kwa ophwasula magalimoto ku Lilongwe cha ku Biwi ndi kumene anthu amasakira, ndipo a ku Mchinji ena amangowoloka pa Mwami kukayang'ana ku Chipata. Kulikonse mungagule muuzeni wogulitsa ayiyese pamaso panu ndi babu la D4, isangothwanima n'kuzimitsa, iyake mphindi 10 kapena 15 mpaka itenthe chifukwa yodwala imaonekera ikatentha, ngati yanuyo. Itembenuzeninso muone pansi, ngati pali zoyera ngati mchere kapena dzimbiri pa masikuluwu ndiye kuti inamwapo madzi, isiyeni.

Za 55W zija. Inde imawalako kuposa 35W sindikana, koma nyali yanu anaipangira kutentha kwa 35W, nde kambale konyezimira ka mkati mwa projector kamayamba kupsa n'kuda, pakatha miyezi mupeza kuwala kwachepa kuposa poyamba ndipo apo palibenso babu lomwe lingakonze, mugula nyali yonse. Babu nalonso limatha msanga. Ndiye 8000K ija anthu amaganiza kuti nambala ikakula kuwala kukuchuluka, ayi, K akunena mtundu wa kuwala basi. Za ku fakitale zimakhala cha m'ma 4300K, zoyera mopita kuchikasu pang'ono, ndipo ndi pamene babu limatulutsa kuwala kochuluka, la 35W limafika ma lumen, muyezo wa kuchuluka kwa kuwala, pafupifupi 3,200 pomwe halogen ya H7 ya 55W imangokwana 1,500. Mukamakwera 6000K, 8000K kuwala kumanka kubuluu n'kumachepa. Pa tauni zimaoneka zokongola anthu n'kumacheuka, koma tayendani nazo kukugwa mvula ya mu January phula litanyowa, kapena nthawi ya fodya mathiraki akutimula fumbi cha ku Chinkhoma, simuona kanthu, ndipo inu mukudziwa zomwe zimakhala m'mphepete mwa msewu umenewo usiku, ngolo yopanda reflector, wa kabaza wanyamula matumba a makala, mbuzi, munthu wovala zakuda akuchokera ku mowa. Ine 4300K, ndikafuna zoyererako 5000K, kupitirira apo ayi.

Wina akuuzaninso kuti ingoikani LED zithe. Dziwani kuti ma LED ambiri olembedwa D4S omwe amati ungolowetsa osadula waya amatenga moto kuchokera ku ballast yomweyo, ndiye ngati ballast yafa simunathetse kanthu. Za canbus zomwe ogulitsa amakonda kutchula, zimenezo zimavuta kwambiri pa ma VW, Mercedes ndi BMW omwe kompyuta yake imayatsa chenjezo pa dashboard, inu musalipire ndalama yoonjezera chifukwa cha mawu amenewo.

Pomanga pake si povuta koma pamafuna kudekha. Pa ma Toyota ambiri ballast imakhala pansi pa nyali yomangidwa ndi timasikuluwu, nde nthawi zambiri pamafunika kumasula bampala kuti nyali yonse ituluke, timakilipu take tapulasitiki timathyoka msanga muzichita mwaulemu. Ndipo poti ili pansi, madzi aliwonse olowa mu nyali amatsikira pa iyo, ichi ndi chomwe chimapha ma ballast ambiri kuno. Ndinamasulapo ina ya kasitomala, kuipendeketsa madzi anachita kutuluka ngati mu botolo, mwini wake amatsukitsa injini ndi paipi ya pressure sabata iliyonse. Nde mukachotsa nyali yang'anani ngati mkati muli nthunzi kapena madontho, onani chivindikiro cha kumbuyo ngati chikutseka bwino, labala ya pakati pa ballast ndi nyali, ming'alu ya pamene galimoto inagundapo, ndi guluu wa m'mphepete mwa galasi. Iumitseni padzuwa tsiku lonse, matani pomwe pakudontha, koma timabowo topumira tija musatitseke, tinaikidwa dala kuti nthunzi izituluka. Mukapanda kutero ballast yatsopanoyo siona Pasaka.

Ballast mutha kusintha imodzi yokha, palibe vuto. Mababu ndiye bola awiri onse ngati thumba likulola chifukwa lakale limakhala litasintha mtundu, galimoto imaoneka ngati ya diso limodzi lodwala. Philips ndi Osram ndi mayina odalirika koma ma feki ake ndi ochuluka, mtengo ukatsika modabwitsa mudziwe kuti pali nkhani. Lakale ngati ndi la D1 kapena D2 musalisiye pomwe ana angaliswe poti muli mercury muja.

Mukamanga zonse imikani galimoto pamalo osatsetsereka moyang'ana khoma madzulo, muyatse dimu muone ngati mizere ya nyali ziwirizo ili pa msinkhu umodzi ndipo kokwera kali mbali ya kumanzere, poti ife timayenda kumanzere, kuti muziunika m'mphepete osathobwa anzanu obwera kutsogolo. Tatopa kale ndi maminibasi oika ma kit a HID mu nyali za mababu a halogen a H4 omwe amawalitsa mitengo ndi m'maso mwa anthu msewu osauona. Komanso switch musamaisiye pa AUTO poliza galimoto usiku, lizani injini kaye kenako yatsani nyali, ndipo musamaphethiritse dimu pafupipafupi popereka moni kwa anzanu pa siteji, kuyaka kulikonse ndi ma volt 20,000 aja akumenya timitu ta babu.

Achimwene yambani ndi kusinthanitsa mababu kuja Loweruka lino, kenako mundilembere kuti vuto lapita mbali iti, ndipo ngati lakhala kumanja mujambule sitika ya pa ballast munditumizire ndione nambala musanakwere basi.