Kwa msuweni, za mabuku a kumwezi aja

Eee msuweni, uthenga wanu ndaumva. Akuti nkhani zopeka za sayansizi, za maroboti ndi zombo zopita ku nyenyezi, anaziyamba ndani. Inuyo kufunsa za mabuku? Inu amene munkagona buku lili kumaso pa Fomu 2? Hehe. Ayi, pali kanthu apa, tifikapo.

Ambiri amaloza buku la Frankenstein, la 1818. Ena amabwerera mpaka kwa Lucian, amene analemba za ulendo wa kumwezi m'zaka za m'ma 100, koma iyeyo ankangonyogodola olemba mabodza. Pambuyo pake Jules Verne ku France, H.G. Wells ndi makina ake oyendera m'nthawi mu 1895, kenako magazini ya Amazing Stories ku America mu 1926.

Verne ameneyu wandikumbutsa malume. Ayi, osati a ku Mitundu, malume aakulu, inu mumati bambo aakulu, a wailesi ya ku Joni aja. Amayi amafotokoza kuti mu July 1969 wailesiyo italengeza kuti anthu aponda pamwezi, malume anaizima, nkuikulunga m'chitenje, ati yayamba kunama chifukwa mabatire afooka. Madzulo anakakangana ndi ahedi pa bawo mpaka kubetcherana mbuzi. Mbuzi yamoyo, msuweni! Ahedi anabwera ndi nyuzipepala ya zithunzi, malume akuti chithunzi si mboni. Usiku ankakhala pakhonde kuyang'ana kumwamba, ati ngati kuli anthu ayatse moto tiuone. Mbuzi ija sinaperekedwe, inathera pa chinkhoswe chija... basi, mukudziwa, pagulu pano pali ana.

Ndiye taonani. Verne analemba mu 1865 za anthu atatu oponyedwa kumwezi ndi mzinga kuchokera ku Florida. Apollo 11, chombo chimene chinapititsa anthu kumwezi mu 1969 chija, inanyamukiranso ku Florida, anthu atatu. Malume akanamva zimenezo, bwenzi atati mwaona, nthano.

Koma imani kaye. Inu simukufunsa za Verne. Mukufunsa za mwana wanu uja, ndamva kwa alamu kuti wadzaza makope awiri ndi nkhani ya Lilongwe ya zaka za m'tsogolo, ndipo mukufuna kumulanda. Mvetserani. Frankenstein analemba ndi Mary Shelley, anayamba ali ndi zaka 19... ayi, 18. Chinali chaka cha 1816, kufupi ndi nyanja ya Geneva, mvula yosakata chifukwa phiri la Tambora ku Indonesia linali litaphulika chaka chapitacho nkusokoneza nyengo. Mary ndi anzake olemba atabindikira m'nyumba, mlakatuli wotchuka Lord Byron anati aliyense alembe nkhani yoopsa. Amuna otchukawo anasiyira panjira, mtsikanayo anamaliza. Bukulo linatuluka lopanda dzina lake, ena nkumati walemba ndi mwamuna wake.

Komanso si za azungu okha. Shadreck Chikoti wathu yemweyu analemba Azotus the Kingdom, za Africa zaka 500 zikubwerazo. Namwali Serpell wa ku Zambia anapata mphotho ya Arthur C. Clarke, ya nkhani zopeka za sayansi, mu 2020.

Choncho makopewo musalande. Mayeso awerenge, inde, sindikukana, koma amene anayamba zimenezi anali mtsikana wa msinkhu wake womwewo, musiyeni alembe. Mwandimva, msuweni? Makope asakhudzidwe. Lachiweru ndikubwera, mumuuze andisungire kope loyambalo, ndipo inu mukonze nkhuku, osati usipa ngati ulendo uja.