Ma subtitle tinaika, ndiye kuti osamva ndi osaona tawafikira?

Mayi wina wa ku Zomba wanditumizira imelo. Amatsogolera gulu la achinyamata lomwe limapanga timafilimu tifupitifupi tophunzitsa za nkhanza kwa ana, amajambula pa foni nkumaika pa Facebook ndi pa WhatsApp. Funso lawo mwachidule ndi ili: "Bungwe lomwe likutithandiza lati mafilimu athu azifikiranso anthu aulumali. Ife taika ma subtitle achingerezi pansi. Kodi basi zakwana kapena pali china choti tichite? Ndalama tilibe zambiri."

Mayi, zikomo polemba. Ayi sizinakwane, koma musataye mtima chifukwa zambiri zatsalazo zimafuna nthawi ndi chidwi kuposa ndalama.

Ma subtitle mwaikawo akuthandiza munthu amene akumva bwinobwino koma Chichewa sachidziwa, monga mabwana a kubungweko. Wosamva amafuna zoposa pamenepo. Tiyerekeze mufilimu yanu mwana ali yekha mnyumba, wina akumenya chitseko mwamphamvu, mwana uja nkudzidzimuka kukabisala kuseri kwa mpando. Palibe wayankhula ndiye pansi palibe cholembedwa, wosamva angoona mwana akuthawa osadziwa chamuopsa nchani, ndipo nkhani yonse yamudutsa pomwepo. Ma caption a osamva amalemba zonsezo, kuti chitseko chikumenyedwa, galu akuuwa, bambo akukalipa ali panja, nyimbo yasintha yakhala yachisoni. Amanenanso amene akuyankhula ngati sakuoneka pa sikirini.

Nanga chingerezi chifukwa chani? Apa ndikupempheni mufunse eni ake. Pali agogo amene makutu anayamba kuvuta atakula, iwowa Chichewa ndi chawo ndipo ma caption achichewa awathandiza kwambiri. Koma munthu wobadwa wosamva chinenero chake choyamba ndi chamanja, Chichewa cholemba kaya chingerezi anachiphunzira pa pepala osachimvapo nkamodzi komwe, ndiye ena amawerenga bwino ena movutikira, kutengera kuti sukulu anapita nayo patali bwanji. Sukulu za osamva ngati Mua ku Dedza, Embangweni ku Mzimba, Mary View ku Chiradzulu ndi Mountain View ku Bvumbwe zilipo koma si mwana aliyense wosamva amene anapeza malo kumeneko. Nchifukwa chake kulemba kokha sikungafikire onse, pamafunikanso womasulira chinenero chamanja.

Pa womasulirayu ndi pomwe anthu ambiri amalakwitsa ndipo zimandipweteka ndikaona. Amamuika mukabokosi kakang'ono pakona, pamwamba pake nkuikanso logo, munthu akuonera pa foni ndiye manja akuoneka ngati timadontho. Chinenero chamanja si manja okha, nkhope, nsidze ndi milomo nazonso zimayankhula, nsidze zokha zimatha kusonyeza kuti ili ndi funso. Ngati nkhope sikuoneka ndiye mwachotsa mbali ya chinenerocho. Mupatseni malo aakulu, aoneke kuyambira mchiuno mpaka kumutu, avale chovala chopanda maluwamaluwa chosiyana mtundu ndi khungu lake, kuwala kukhale kokwanira. Popeza zanu si za live, mutha kupeza munthu wosamva amene chinenerochi ndi chake kuti ndiye aonekere pa kamera, womasulira angomuthandiza kumvetsa script, nkhani yolembedwa ya filimuyo.

Chonde musatenge mnyamata wa mgulu mwanu amene waphunzira zizindikiro zingapo pa YouTube. Zinenero zamanja ndi zosiyana dziko ndi dziko, ku America ndi ku Britain onse amayankhula chingerezi koma chamanja chawo nchosiyaniratu, ndipo cha kuno ku Malawi ndi chathuchathu. Kumbukirani zomwe zinachitika mu December 2013 pamwambo wokumbukira Nelson Mandela ku FNB Stadium ku Johannesburg, munthu anaima pambali pa atsogoleri a mayiko akugwedeza manja zopanda tanthauzo, anthu akumva sanazindikire kanthu, amene anaulula ndi osamva. Inuyo ngati chinenerochi simuchidziwa simungathe kudziwa kuti womasulira wanu akukhoza kapena ayi. Pitani ku MANAD, bungwe la anthu osamva mdziko muno, akulozereni munthu woyenera.

Kalembedwe ka ma caption sikovuta. Mizere isapose iwiri, mzere uliwonse usapitirire zilembo 42, umenewu ndi muyezo womwe Netflix, kampani yoonetsa mafilimu pa intaneti, imagwiritsa ntchito ndipo pa foni kuchepetsako nkwabwino. Mawu asangothwanima nkuzimiririka, akhale pafupifupi sekondi imodzi akachepetsetsa ndipo asapitirire masekondi 6 kapena 7. Mawu achichewa ndi ataliatali ndiye mzere umadzadza msanga, mudzafunika kufupikitsa zoyankhula zina koma osasintha tanthauzo. Zilembo zoyera zokhala ndi mzere wakuda mmbali zimawerengeka paliponse. Pa kompyuta pali mapulogalamu olembera ma caption, Subtitle Edit ndi Aegisub, onse ndi aulere. Zoti makina azilemba okha musazidalire pa Chichewa, makamaka achinyamata akamasakaniza ndi chingerezi, lembani nokha. Pa YouTube ndi Facebook mutha kuika fayilo ya ma caption, yotchedwa SRT, payokha kuti munthu aziyatsa akafuna, koma filimu ikamayenda pa WhatsApp kapena pa memory card fayiloyo imatsala mmbuyo, ndiye kope lopita kumeneko mawu amatiridwe pachithunzi penipeni.

Tsopano osaona, amene mu imelo yanu simunawatchule nkomwe, ndipo si inu nokha, ambiri amaganiza kuti wosaona alibe nazo ntchito za filimu. Amatsatira ndithu, amangosowa zimene zikuchitika mwakachetechete. Chimene chimawathandiza amachitcha audio description, mawu a munthu wofotokoza zooneka amene amalowa mmipata yomwe osewera sakuyankhula. Kuno kwathu si zachilendo kwenikweni, tinazolowera ma DJ omasulira mafilimu achi China ndi achi India mma video show, amene amafotokoza ngakhale zomwe aliyense akuona. Kusiyana kwake nkoti DJ amayankhula pamwamba pa osewera, amaonjezera nthabwala zake ndipo pena amaulula zakutsogolo. Wofotokozera osaona amadikira mpata, amanena zimene diso likuona basi. Asanene kuti mayi akhumudwa, anene kuti mayi akhala pansi agwira tsaya, womverayo aganiza yekha ngati mmene wina aliyense akuchitira.

Njira yotchipa kwambiri ndi kuganizira zimenezi polemba script musanajambule. Siyani timipata pakati pa zoyankhula, osewera aziitanana maina koyambirira kuti mawu adziwike kuti ndi a ndani, malo akasintha pamveke kanthu kosonyeza kuti tsopano tili kumsika kapena kusukulu. Ndipo chilichonse cholembedwa pa sikirini chiwerengedwe mokweza. Ndaonapo mauthenga ambiri othera ndi mawu akuti imbani nambala ili pansipa, wosaona aimba iti? Ngati mukulozera ana ku nambala yaulere ya 116, wina ainene pakamwa, komanso ilembedwe, komanso womasulira aionetse ndi manja. Mukamaika poster pa Facebook lembaninso uthengawo ngati mawu wamba, chifukwa mapulogalamu owerengera osaona monga TalkBack pa Android ndi VoiceOver pa iPhone amawerenga bwino mawu otayipa kusiyana ndi mawu ali mkati mwa chithunzi. A Malawi Union of the Blind, bungwe la anthu osaona, angakuthandizeni kupeza anthu oti amvetsere nkukuuzani pomwe asochera.

Mukamakambirana ndi bungwe lija musachite manyazi kupempha ndalama ya zimenezi, si chifundo ayi ndi ufulu. Pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali la 2006, lomwe Malawi inavomereza mu 2009, mu gawo 30 limatchula mapulogalamu a pa TV, mafilimu ndi zisudzo kuti zizipezeka mnjira yomwe aulumali angatsatire. Anzathu ku Zimbabwe anaika chinenero chamanja pa zinenero 16 zovomerezeka mmalamulo awo a 2013, pamodzi ndi Chichewa chathuchi, ndipo South Africa inachipanga kukhala chinenero cha boma cha nambala 12 mu 2023. Amene wakuuzani kuti mufikire aulumali aikenso mu bajeti malipiro a womasulira, a wofotokozera, ndi a anthu osamva ndi osaona amene adzaone ntchito yanu isanatuluke. Amenewa muziwalipira, akugwira ntchito ya ukatswiri, transport yokha ndi fanta sizokwanira.

Ngati ndalama zikukanikabe, yambani ndi filimu imodzi. Ikonzeni ma caption achichewa, muwerenge mokweza zonse zolembedwa, mupange kope lachiwiri la womasulira wamkulu bwino ndi lachitatu la mawu ofotokozera, chifukwa kuthira zonse mu kope limodzi pa sikirini ya foni kumangodzadzitsa. Kenako itanani osamva awiri atatu aonere, osaona awiri atatu amvetsere, musawafotokozere kalikonse, ikatha muwafunse kuti akuuzeni nkhaniyo mmene ayimvera. Pomwe nkhani yawo yasiyana ndi yanu ndi pomwe mukakonze musanayambe filimu yachiwiri.