Ntchito ya matailosi ku Midrand isamuchotse mwana ku koleji

Mayi wina wa ku Turffontein wandilembera ali ndi nkhawa. Mwana wawo wangomaliza N4 ya zomangamanga (gawo loyamba mwa atatu, N4 mpaka N6, opita ku diploma), koma akufuna kusiya koleji. Kontilakitala wina ku Midrand wamulonjeza ntchito yoika matailosi ya R120,000, ati iye angopeza anyamata, zina zonse ndi za bwanayo. Bambo ake akuti alembetse kampani msanga, sukulu sidzathawa. Mayi akufuna kudziwa ngati mwanayo akhaladi mkhalapakati chabe.

Makalata otere sasowa, mayi, ndipo onse amagona pa funso limodzi: papepala lomwe asaine, akulonjeza kupereka ntchito yotha ndani?

Mwanayo akakhala ejenti, kutanthauza mkhalapakati, pangano limakhala pakati pa kontilakitala ndi anyamatawo. Iye amangowalumikizitsa, nkulandira komishoni yake. Malipiro a anyamata amachokera kwa bwana, matailosi akasweka mlandu ndi wa bwana, ndipo m'mabuku ake mumalembedwa komishoni yokhayo.

Koma kampani yake ikasaina ntchito yonse ndi kutumiza invoisi ya R120,000, mwini ntchito ndi iye, kaya pakamwa anauzidwa zotani. Ndalama yonseyo SARS, bungwe lotolera misonkho, imaiwerenga ngati malonda ake. Anyamata ndi antchito ake: Lachisanu likafika akufuna malipiro, ngakhale kontilakitala asanapereke kalikonse, ndipo kuchedwa kulipira masabu (makontilakitala ang'onoang'ono ogwira pansi pa wamkulu) ndi matenda akale pa ntchito zomanga. Kawirikawiri gawo lina la ndalama limatsalira kwa bwana mpaka atatsimikiza kuti palibe cholakwika. Tailosi ikatukumuka, agumula ndi kuikanso ndi ndalama za m'thumba mwake. Ayeneranso kulembetsa ku Compensation Fund, thumba la boma lolipira ovulala pantchito, malinga ndi lamulo la COIDA la 1993, chifukwa mnyamata akadzicheka ndi galayinda, oyamba kufunsidwa ndi amene anamulemba ntchito.

Msampha womwe ndimauona pa ana athu kuno ku Joni ndi uwu: phindu amapatsidwa la ejenti, udindo nkusenzetsedwa wa mwini ntchito. Wotsala ndi ngongole ndi iye, pamodzi ndi anyamata okwiya omwe amadziwa pakhomo panu.

Bambo ake andikhululukire, koma akumukankhira mwana kuphompho. Kulembetsa kampani ku CIPC, ofesi ya boma yolembetsa makampani, sikufika ndi R200 yomwe. Aliyense angathe, ndipo setifiketiyo siphunzitsa munthu kuwerengera mtengo wa ntchito. Kodi mnyamatayu ali ndi ndalama zolipira anthu mwezi wathunthu bwana atangoti zii? Ngati alibe, sanafike pokhala mwini ntchito. Za sukulu yosathawazo, dziwani kuti maphunziro a N boma likuwachotsa pang'onopang'ono, m'malo mwake mukulowa atsopano a QCTO, bungwe loyang'anira maphunziro a ntchito zamanja ndi zaluso. Ndipo ngati ali pa viza ya sukulu, imamulola kugwira ntchito maola 20 okha pa sabata, ndipo imadalira kuti akuphunziradi.

Ine ndikuti amalize sukulu. N5 ndi N6 za uinjiniya zimayenda miyezi yochepa iliyonse, wolimbikira amazimaliza chaka chisanathe. Kenako diploma imafuna kuti akagwire ntchito yeniyeni pakampani, ndipo apo ndi pomwe ndikufuna akakhale pafupi ndi owerengera zipangizo ndi mitengo, aone momwe amayezera masikweya mita, momwe amaikira simenti yoonongeka ndi tiransipoti pa mtengo, momwe amalembera ntchito yoonjezera isanagwiridwe. Masabu ambiri amagwa chifukwa chosadziwa zimenezi, ngakhale manja awo ali aluso.

Komabe sindimunyoza. Kontilakitala sapereka ntchito kwa mwana wogona, ndiye chilipo chomwe waona mwa iye. Ngati mtima ukukanika, aichite ngati ejenti, Loweruka lokha: pepala linene komishoni yake, linenenso kuti anyamata akulembedwa ndi kulipidwa ndi kontilakitala mwini. Bwanayo akakana kulemba zimenezo, mwana wanu asasaine, Lolemba apite m'kalasi.