Mwana akufuna kukhala dayirekita wa mafilimu: ndimuuze chiyani?

Funso: Mnyamata wanga wakhoza MSCE. Ine ndimafuna achite za akawunti ngati ine, koma iye akuti akufuna kukhala dayirekita wa mafilimu. Usiku wonse amangodula mavidiyo pafoni. Ndimuuze chiyani? Bambo wa ku Zomba.

Yankho: Bambo, kalata yanu yandikumbutsa David Lean, mmodzi mwa akatswiri a mafilimu a ku Britain, chifukwa nayenso bambo ake anali a akawunti. Anabadwira ku Croydon mu 1908, m'banja la mpingo wa Quaker, ndipo ali mwana sankaloledwa kupita kukanema. Atasiya sukulu anakakhala pa desiki mu ofesi ya bambo ake, koma mtima unali kwina. Mu 1927 analowa ku situdiyo ya Gaumont ku London. Ntchito yake? Kupangira anthu tiyi.

Apa ndi pamene ndikufuna mnyamata wanu amvetsere. Atachoka pa tiyi anapatsidwa kathabwa kaja amawomba akamayamba kujambula, kenaka anakhala wodula ndi kulumikiza mafilimu a nkhani, mpaka anadziwika kuti palibe womuposa pa lumo. Udayirekita anaulawa koyamba mu 1942, pa filimu ya In Which We Serve, ndipo ngakhale pamenepo ankathandizana ndi Noël Coward, wolemba ndi wochita zisudzo. Werengani nokha: zaka 15 asanakhale pampando umene mwana wanu akuufuna mawa.

Zakazo sizinapite pachabe. Mu filimu yake ya Lawrence of Arabia ya 1962 muli malo amene munthu amauzira machesi, ndipo motowo ukangozima wowonera amapezeka ali m'chipululu dzuwa likutuluka. Anadula filimuyo anali Anne Coates, koma dayirekita wosadziwa kudula sakanajambula zinthu zolumikizana chonchi. Filimuyi inapata mphoto za Oscar 7, monganso filimu ina ya Lean, The Bridge on the River Kwai ya 1957. Nchifukwa chake kudula mavidiyo kwa mwana wanu sindikukuona ngati masewera, bola asamagone m'bandakucha tsiku lililonse.

Mumuuzenso mbali yowawa. Mu 1970 Lean anatulutsa Ryan's Daughter, olemba ndemanga m'nyuzipepala anaichita chipongwe kwambiri, ndipo munthu wa ma Oscar uja anakhala zaka 14 osatulutsa filimu ina yaikulu. Anabwerera mu 1984 ndi A Passage to India, ndipo kudula anadula yekha, ali ndi zaka 76.

Ndiye musamuyankhe kuti ayi, musamuyankhenso kuti inde. Mupatseni miyezi isanu ndi umodzi akhale wonyamula zikwama kwa munthu wojambula maukwati, zinkhoswe kapena nyimbo za makwaya. Akapinde mawaya, akagwire magetsi, akakhale pa kompyuta kusankha zithunzi za maola asanu kuti zitsale mphindi 20 mkwatibwi akuyimba foni kufunsa vidiyo yake. Fomu ya kukoleji alembe ndithu nthawi yomweyo. Akauona ulesi mwezi wachiwiri, mwadziwa kuti ankangosirira dzina. Akapirira, kambiranani za maphunziro a zisudzo kapena utolankhani, ndipo Loweruka lililonse muzimukhazika pansi mumuphunzitse kulemba bajeti ndi invoisi, poti ojambula ambiri amagwera pamenepo, ndipo mphunzitsi wake ali m'nyumba momwemo.