Batire, waya ndi babu: yankho kwa aphunzitsi ena a kupulayimale

Aphunzitsi ena andilembera kalata kufunsa mmene angaphunzitsire ana kayendedwe ka magetsi, chikhalirecho pasukulu pawo palibe magetsi kapena zipangizo. Aphunzitsi, funso lanuli landikumbutsa zakale.

Ife magetsi tinawaphunzirira pabolodi. Ankatijambulira timizere tiwiri, kena katali kena kakafupi, amvekere ameneyo ndi batire. Kenako kabwalo kokhala ndi mtanda m'kati, ati babu. Tinkakopera, kuloweza, mayeso n'kukhoza. Koma tochi ikafa kunyumba, ankaidzutsa ndi msuweni wanga amene sukulu anaisiyira panjira. Ankapala dzimbiri pa kasipuling'i, kutembenuza batire lomwe lalowa chagada, basi yayaka. Mabatire akatha ankawayanika padzuwa kuti wailesi ilankhulekonso pang'ono, ngakhale sizinkapita patali. Iyeyo ankadziwa kuti magetsi amafuna njira yozungulira yopanda podukira. Ife tinkangodziwa kujambula.

Ndinene mosapsatira: kuphunzitsa magetsi ndi choko chokha ndi kunamiza ana. Kukoleji amatiuza za TALULAR, kuti tizigwiritsa ntchito zopezeka pafupi, koma mayeso a MANEB akangoyandikira zonsezo zimaiwalika, kumangotsala manotsi. Ndiye tizidabwa kuti William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu anapanga makina a mphepo otulutsa magetsi atasiya sukulu, ndi dayinamo ya njinga ndi zotola kudzala? Komanso kusowa kwa ESCOM pasukulu si chifukwa chophunzitsira ndi choko chokha ayi. Magetsi a m'khoma ndi mavolti 230, amapha, mwana asawayandikire n'komwe.

Zoti muchite

Pezani mabatire awiri a tochi, lililonse ndi mavolti 1.5, mawaya a muwailesi yakufa ndi kababu. Gawani ana m'magulu, muwapatse, musawauze kalumikizidwe. Avutike kaye mpaka gulu lina lifuule kuti yayaka. Ngati kababu kake ndi ka LED, kaja ka timiyendo tiwiri, batire limodzi silikwanira, ndipo mwendo wautali upite kumutu kwa batire, komwe kuli chizindikiro cha +. Kenako dulani njira, pakatipo aike msomali, supuni, mphira, kamtengo kouma, aone zomwe zikudutsitsa magetsi. Pini wa kabudula akhala swichi. Waya yekha asalumikize mutu ndi thako la batire, amatentha. Zojambula pabolodi zibwere tsiku lotsatira.