Lupanga la Link mu Super Mario Maker 2: komwe lili, ndi momwe mungamangire siteji yosatsekereza osewera

Mmodzi mwa owerenga athu watumiza imelo yofunsa zinthu ziwiri. Akuti anaona pa YouTube Link wa mu The Legend of Zelda akudumphadumpha m'siteji ya Mario, koma atatsegula Super Mario Maker 2 pa Nintendo Switch yawo, lupangalo analifunafuna osaliona. Chachiwiri, akufuna kumanga siteji ya zitseko ndi makiyi ngati za mu Zelda, ndiye akufunsa poyambira.

Zikomo pofunsa. Tiyambe ndi lupangalo.

Gemuyi inatuluka pa 28 June 2019 mulibe Link. Master Sword, lupanga limene limasandutsa Mario kukhala Link, inabwera mu December chaka chomwecho, mu mtundu wa 2.0.0, ndiye ngati gemu yanu simunailumikizepo pa intaneti kuti ilandire zatsopano, yambani ndi zimenezo. Mukatero onani maonekedwe amene mwasankhira siteji yanu. Lupangali limapezeka m'maonekedwe a Super Mario Bros. yokha, ija ya 1985 ya zithunzi za timabokosi. Mu Super Mario World kapena 3D World mulibe. Ndipo silili palokha m'ndandanda wa zida: ikani Super Mushroom, bowa wokulitsa Mario, pabwalo, mudinikize pabowapo osachotsa chala, pazosankha zomwe zituluke ndi pamene pali lupangalo. Ambiri amasochera pamenepa.

Musasokoneze ndi Link wa mu gemu yoyamba ya pa Wii U ya 2015. Uja anali Mario wovala zovala za Link basi. Wa panoyu ali ndi zida zakezake. Amatema ndi lupanga, amathamanga atalilozetsa kutsogolo, ndipo ali m'malere mukadina pansi amatera ndi nsonga ya lupanga, moti ngakhale Spiny, kamdani ka minga kamene Mario sangakaponde, kamafa. Akagwada amadziteteza ndi chishango. Uta wake umaponya mivi mbali zitatu, kutsogolo, chokwera ndi chotsika, ndipo muvi umatha kugunda switchi ya ON/OFF, yoonetsa ndi kubisa mabuloko ena, ili patali. Mabomba ake amaphwanya mabuloko olimba aja amene Mario sangawaswe ndi mutu.

Tsopano pa nkhani yomanga, pomwe pagona ntchito yeniyeni. Lupanga ili ndi mphamvu yotoleredwa ngati bowa: mdani akangomukhudza Link kamodzi, amabwerera kukhala Mario wamng'ono, wopanda uta, wopanda bomba. Tayerekezani wosewera walowa m'chipinda, chitseko chili kumbuyo, kutsogolo kuli khoma lofunika bomba, kenako Goomba mmodzi, kamdani wamba, wamugunda. Wangoima. Sangapite kutsogolo, sangafe, akungoyang'ana nthawi ikutsika kuchokera pa masekondi 500, ndipo ambiri sadikira, amangotuluka. Masiteji ochuluka a Link amafera pamenepa, osati chifukwa chovuta, koma chifukwa womanga anaiwala kuti lupanga limatayika.

Mankhwala ake ndi paipi. Ikani paipi yoyang'ana pansi, mukokere Master Sword m'kati mwake, kuti izitulutsa lina loyamba likatha. Mtundu wa paipi ndi umene umanena liwiro: yabuluu ndi yochedwa kwambiri, kenako yobiriwira, yachikasu, ndipo yofiira ndi yachangu. Yobiriwira imakwanira. Chipinda chilichonse chimene sichingadutsike popanda muvi kapena bomba chikhale ndi paipi yakeyake, pamalo oti Mario wamng'ono afikepo ndi kudumpha wamba. Buloko ya chizindikiro cha funso siingalowe m'malo mwa paipi, chifukwa imapereka kamodzi kokha.

Chimodzimodzi pa mbendera ya pakati, pomwe wosewera amayambiranso akafa. Mumaloledwa ziwiri, imodzi kubwalo lalikulu, ina kubwalo lolowera m'paipi. Wosewera akafa n'kuyambira pambenderapo amabwera wamng'ono, choncho lupanga likhale pafupi pomwepo. Dziwaninso kuti mbenderazi siziyendera limodzi ndi lamulo lomalizira siteji, monga lakuti munthu afike kumapeto akadali Link. Musankhepo chimodzi. Ife timati siteji ikakhala yaitali sankhani mbendera, chifukwa kubwezera munthu poyambirira atasewera mphindi zisanu n'kumuthamangitsa.

Bomba lili ndi vuto lakelake: silisankha. Ngati pansi poponda mwamanga ndi mabuloko olimba omwewo amene mwamangira khoma lofunika kuphulitsa, wosewera adzaboola pansi n'kugwera kumene simunakonzeko, kapena adzatsegula njira yachidule n'kudumpha theka la siteji. Makoma ndi pansi zimene simukufuna kuti zigwe mumange ndi nthaka, chifukwa nthaka siphulika. Mabuloko olimba muwasungire malo oti aphulitsidwe okha. Mukatero wosewera amaphunzira yekha kuti akaona buloko yotere ndiye kuti apa pakufunika bomba, osamulembera chilichonse.

Poyala zipinda, chida chimodzi chizionekera pachokha kaye. Chipinda choyamba mukhale switchi ya ON/OFF kutsidya kwa dzenje, popanda mdani, kuti munthu ayese uta mtima uli m'malo. Chachiwiri mukhale khoma la bomba. Pokhapo ndi pomwe mungaphatikize, mwachitsanzo switchi yobisika kuseri kwa khoma, yofuna bomba kaye kenako muvi. Kiyi mutha kumupatsa mdani wamkulu kuti ituluke iye akafa, koma mdaniyo asakhale pamalo oti angagwere kunja Link asanamufike.

Musanaike siteji pa intaneti, zomwe zimafuna umembala wa Nintendo Switch Online, gemu imakukakamizani kuimaliza nokha kuchokera poyambira komanso kuchokera pa mbendera iliyonse. Mayeso amenewo amangotsimikizira kuti siteji imatheka, osati kuti siitsekereza. Inu onjezanipo anuanu: m'chipinda chilichonse lolani dala mdani akugundeni, muone ngati Mario wamng'ono angapezenso lupanga. Kenako ponyani mabomba pakhoma lililonse ndi pansi paliponse. Pomwe pabooke mosayenera, sinthani buloko imeneyo ndi nthaka, muyesenso chipindacho kuchokera pachitseko.