Funsani Azakhali: "Mwana anafera mmanja mwanga, ine nkukagula mandasi"

FUNSO

Azakhali moni. Ine ndine namwino, ndimagwira ku maternidade pachipatala china chakumudzi kuno ku Angónia, chaka chino ndi cha 9. Ndilemba zoona zokhazokha poti dzina simuika. Mwezi wathawu usiku wina ndinali ndekha pa turno, magetsi anathima nde ndimaunikira ndi foni nditailuma pakamwa, mayi wina anabwera mochedwa matenda atayamba kalekale kunyumba, mwana anabadwa koma sanalire, ndinayesa zonse zomwe tinaphunzira mpakana manja kuchita dzanzi koma ayi ndithu. Chomwe chikundiopsa si imfayo azakhali poti imfa ndaziona zambiri, koma kuti sindinamve kalikonse. Ndinasamba mmanja, kulemba mu buku, kutacha ndinagula mandasi pageti nkumadya ndikupita kunyumba ngati palibe chachitika, chonsecho agogo ake a mwanayo akulira pakhonde. Kale ndinkalira nawo. Pano odwala akamaitana kuti amayi amayi mutu umangotentha, ndimawakalipira kenako manyazi, ndipo ndimangoona ngati ntchito yangayi palibe chomwe ikuthandiza. Tulo kulibe, ndikatseka maso ndimangoona nkhope za anthu, nde ndinayamba kumwa ka diazepam katheka, pano ndi kathunthu tsiku ndi tsiku, miyezi itatu tsopano. Kunyumba ana akuti amayi asanduka mkango. Kutchalitchi akuti ndachepetsa pemphero, mayi anga akuti wina wakuntchito wandilodza. Kodi ndasanduka munthu woipa? Kapena ndingosiya ndizikalima mbatatesi ngati anzanga?

Namwino wotopa, Angónia

YANKHO

Mwana wanga pepani kwambiri. Kalata yanu ndawerenga kawiri ndipo pomwe ndinaima ndi pa foni ija munailuma pakamwa. Munthu woipa sachita zimenezo, woipa akanangoti magetsi kulibe dikirani kuche. Nde funso loti mwasanduka woipa tilichotse kaye panjira.

Chomwe chakugwerani chili ndi dzina. A WHO, bungwe loona zaumoyo padziko lonse, mu 2019 anachilemba mu buku lawo lalikulu la mndandanda wa matenda lotchedwa ICD-11, amati burnout, ife tingoti kutheratu ndi ntchito, ndipo anafotokoza kuti si nthenda payokha koma ndi zomwe zimabwera munthu akapanikizika kuntchito nthawi yaitali popanda chompepuza. Zizindikiro anatchula zitatu ndipo zonse mwazilemba nokha osadziwa, mphamvu kutha, mtima kutalikirana ndi ntchito mpaka odwala kumaoneka ngati abwera kuzakuputa, ndi kumadziona ngati palibe chomwe ukuphula. Kuuma mtima kukukuopsaniko ndi ngati mmene khosi limachitira dzanzi ukasenza mtolo wa nkhuni kuchokera kuphiri, sikuti mtolo wapepuka ayi, thupi langotseka kuti ukafike kunyumba.

Komanso tawerengani zomwe inu azaumoyo a kuno ku Tete mwadutsamo zaka zochepa zomwezi. 2020 Covid, ena tonse tikubisala mnyumba inu mukupita kuntchito. Januwale 2022 namondwe Ana uja anagwetsa mlatho wa pa mtsinje wa Revúbuè. Chaka chomwecho poliyo inapezeka mchigawo chathu chino nde kunali kuyenda khomo ndi khomo ndi katemera, kenako 2023 kolera. Pakati ponsepo amayi sanasiye kubereka, malungo sanapite ku tchuthi. Kwanu ku Angónia ngolo mumazidziwa, ng'ombe ikakoka matumba a mbatatesi sabata yonse osapuma nkuzagona pansi pakati pa msewu, mwini wake wanzeru sathamangira kwa sing'anga kuti yalodzedwa, amaimasula goli. Mayi anu musakangane nawo, akunena chifukwa chokukondani ndipo akuona kuti mwana wawo wasintha, koma muwauze kuti chakulodzani ndi turno ya usiku muli nokhanokha.

Ndipo ine mawu akuti limbani mtima ndatopa nawo. Tikauza anamfedwa pamaliro chabwino, koma namwino takhala tikumuuza limba mtima limba mtima kwa zaka 9, lero walimbadi gwa ngati mwala nde tikudabwanso kuti akukalipa bwanji.

Tsopano nkhani yomwe yandidetsa nkhawa kuposa zonse ndi ya diazepam, ndipo inu ngati namwino mukudziwa bwino kuposa ine kuti mankhwala amenewa ndi a masiku ochepa, thupi limazolowera, umboni ndi womwewo munayamba theka pano kathunthu. Koma chonde musangosiya lero lomwe mutawerenga izi, munthu wamwa tsiku ndi tsiku miyezi itatu akasiya mwadzidzidzi amanjenjemera, mtima kuthamanga, tulo kuthawiratu, ena mpaka kukomoka ngati khunyu. Amachepetsa pang'onopang'ono ndipo pamafunika wina wachipatala okuyang'anirani, osati inu nokha kudzilembera. Mowa usayandikire, ziwirizi zikakumana zimafooketsa kupuma. Komwe mukuwatenga sindikufunsani, koma ngati ndi mukabati ya kuntchito dziwani kuti tsiku lina kawerengedwe kakazavuta muzaonjezera mlandu pamwamba pa kutopa.

Palinso china choti mudzifunse moona mtima. Kutheratu ndi ntchito kumapepuka munthu akatalikira ntchitoyo, pa folga, tsiku lopuma lija, umasekako, nsima imalowa. Koma ngati kwa masabata awiri kapena kupitirira, pafupifupi tsiku lililonse, olo muli kunyumba palibe chikukusangalatsani, chakudya sichikoma, mukudziona ngati wachabechabe, pamenepo mwina yafika pa depression ndipo imeneyo nde nthenda, imachizika ndi uphungu ndipo pena ndi mankhwala ngati fluoxetine kapena amitriptyline, omwe amatenga masabata angapo kuti ayambe kumveka nde osataya mtima sabata yoyamba. Ndikufunsaninso mosapsatira, kodi maganizo oti bola kungofa amakubwererani? Ngati eya, musadikire mwezi wamawa, uzani munthu mmodzi yemwe mumamukhulupirira lero ndipo mupite naye kuchipatala, komanso mankhwala opopera mbatatesi ndi tomato aja ngati ali mnyumba akasungidwe kwa achibale, pamodzi ndi mapiritsiwo. Maganizo otere amabwera ngati chimvula cha mphepo nkudutsa, chofunika ndi choti nthawi imeneyo pafupi pasakhale chinthu choopsa.

Kopita kulipo. Dziko lathu lino la Mozambique madokotala a zamaganizo ndi ochepa zedi, nchifukwa chake kuyambira 1996 boma linayamba kuphunzitsa ma técnico de psiquiatria, omwe amamvetsera, kupima ndi kulemba mankhwala, ndipo pano amapezeka pafupifupi boma lililonse. Ndikudziwa chomwe mukuganiza, kuti técnico wake ndi uja timadya naye limodzi pamsonkhano, mawa nkhani yonse ili pa gulu la WhatsApp kuti namwino uja wayamba misala kkkk. Mantha amenewo ndi omveka. Chinsinsi cha wodwala ndi lamulo la ntchito yawo monga zilili kwa inu, koma ngati mtima sukukhazikika kwerani shapa tsiku la folga mukaonane ndi wa boma lina kapena mutsikire ku Tete kuchipatala chachikulu cha chigawo komwe sakudziwani. Wamva mmimba ndiye atsekula chitseko mwana wanga, palibe azabwere kuzakugogoderani.

Chinanso chomwe sichifuna ndalama. Anzathu aku Zimbabwe kuseri kwa malire a Cuchamano uko, dokotala wina Dixon Chibanda anayambitsa Friendship Bench ku Harare, anaphunzitsa agogo aakazi kumakhala pabenchi panja pa chipatala nkumamvetsera anthu omwe akuvutika ndi chomwe iwo amati kufungisisa, ife timati kuganiza kwambiri, ndipo zinathandiza anthu ambiri mpaka maiko ena anatengera. Benchi basi, ndi munthu womvetsera. Nanga inu pachipatala panupo mulibe benchi? Usiku ngati uja ukachitika, musanapite kunyumba khalani pansi mphindi 15 ndi mnzanu wolandira turno, olo ndi mayi wokolopa uja poti nayenso anaona zonse ndipo palibe amamufunsa, munene zomwe zachitika, osati za mu lipoti zija koma zoti ndinaopa, ndinakwiya, sindinamve kanthu. Muzadabwa kumva mnzanu akuti inenso. Lamulo likhale limodzi, zapabenchi zithere pabenchi.

Kwa a shefe anu pitani ndi pepala osati ndi misozi yokha. Lembani ma turno a usiku omwe mwagwira miyezi itatu yapitayi, ma folga omwe anadyedwa, ndipo mufunse za férias zanu, tchuthi cha pachaka chija, wantchito wa boma ali ndi masiku 30 pachaka ndipo si mphatso yochita kupempha mogwada. Mwina sangakupatseni namwino wachiwiri mawa, anthu ndi ochepa paliponse ndipo madandaulo amenewa nde anafikitsa azaumoyo pa sitiraka mu 2023, koma kusintha ndandanda kuti musamagwire mausiku otsatizana kapena kukuchotsaniko ku maternidade kwa miyezi ingapo nzotheka. A shefe omwe mukuwerenga, wantchito wanu wabwino akayamba kukalipa muyambe mwamufunsa kuti wagona liti musanamulembere kalata ya chenjezo.

Pemphero musasiye, koma malungo akatigwira timapemphera uku tikumwa Coartem, palibe amati wachepa chikhulupiriro. Za kusiya ntchito, mbatatesi si tchimo ndipo ena zikuwayendera, koma chisankho chachikulu chotere osachipanga muli ndi tulo ta miyezi itatu mmaso. Gonani kaye, muonane ndi técnico, mutenge férias, nde muzaone ngati mukufunabe khasu. Ana aja muwaitane muwauze kuti amayi atopa ndi ntchito, si inu mwalakwa, ana amamva msanga kuposa mmene timaganizira.

FUNSO

Azakhali ine ndimayendetsa galimoto ya malasha kuno ku Moatize. Mkazi wanga ndi namwino, amagwira ku banco de socorro, komwe amalandira odwala mwadzidzidzi ndi angozi kuchipatala, masiku ano akafika kunyumba salankhula, amangokhala pampando ndi yunifolomu yomwe maso pa foni, ndikamufunsa zakuntchito amangoti bwino basi, kuchipinda nako akuti ndatopa tsiku lililonse. Anzanga akuti anamwino ndi choncho, ali ndi chibwenzi ndi dokotala ameneyo. Ndimulande foni ndione?

Bambo wodandaula, Moatize

YANKHO

Aaa bambo, anzanuwo akukupatsani nzeru zapabawo. Za chibwenzi ine sindingalumbire poti mnyumba mwanu sindikhalamo, koma zomwe mwalembazi ine ndikuona munthu wotopa. Inu nomwe mumayenda msewu umenewo, ngozi za njinga zamoto mumaziona mukudutsa pagalimoto, nde dziwani kuti onse aja amakathera mmanja mwa akazi anu, magazi, achibale kukuwa, kutentha kwa Okutobala kopitirira madigiri 40, tsiku lonse ali chiimire. Akafika kunyumba mawu amakhala atatha, ndipo bwino basi uja nthawi zambiri amatanthauza kuti sindikufuna ndikubweretsereni zomwe ndaona.

Foni musalande, mukalanda nde mwatseka ndi kakhomo komwe kanatsala. Yesani izi sabata ziwiri, akafika musawafunse mafunso, madzi osamba apeze alipo, ana muwauze kuti amayi apume kaye ola limodzi, ndiwo mukhoza kutenthetsa nokha manja sathothoka. Tsiku la folga yawo mukhale awiri, osati nthawi ya kuchipinda ayi, masana, muwauze kuti mayi ndikuona mwatopa ndipo ndikukusowani, kenako mutseke pakamwa mumvetsere olo atenge nthawi, osathamangira kupereka malangizo. Akayamba kulira asiyeni alire. Ngati muona kuti sakudya, sakugona, kapena akulankhula zoti moyo watopetsa, werengani zomwe ndamuyankha mnzawo wa ku Angónia pamwambapa ndipo muwaperekeze nokha kwa técnico. Pakatha mwezi mundilembenso mundiuze zomwe ananena, ndipo anzanu aja musawauzeko kanthu.